Ovololo ya girisi sathamangira nayo m'madzi

Funso lachokera kwa mayi wina wa mu Lilongwe: "Bambo a kunyumba kwanga ndi makanika ku Biwi, ndipo mwana wathu woyamba wayamba kuthandiza amisiri omanga nyumba. Loweruka lililonse ndimakhala pa beseni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Maovololo a bambo ndi girisi yekhayekha, zovala za mwana ndi matope a katondo ndi simenti. Ndimanyika zonse pamodzi Lachisanu usiku ndi sopo waufa, m'mawa ndimathirako Jik n'kufikisa mpaka manja kutupa. Koma zikauma mabanga ali pomwepo, nsalu yathimbirira, ndipo maovololo ayamba kubooka tizibowo. Mnzanga wina akuti ndizichapa ndi petulo. Ndichite bwanji?"

Mayi, ndiyambe ndi za petulozo, chifukwa zina zonsezi ndi nkhani ya nsalu pomwe iyi ikukhudza moyo wanu. Musayerekeze n'komwe. Mnzanuyo sakunama, petulo amasungunuladi girisi. Koma chimene chimagwira moto ndi mpweya wake, ndipo mpweya umenewo ndi wolemera kuposa umene timapumawu. Sukwera m'mwamba. Umayenderera pansi osaoneka, kudutsa pakhomo mpaka kukafika pamene pali mbaula, ndiye moto umabwerera njira yomweyo kudzafika pa beseni pomwe mwagwada inu. Petulo salira kutenthetsedwa kuti atulutse mpweyawo; ngakhale m'mamawa wa mu Juni chisanu chili pakati amatulutsabe. Kumbukiraninso kuti ovololoyo ikubwerera ku garaja kumene anthu amawotcherera zitsulo, tizimoto tikuthetheka uku ndi uku. Petulo akhale mu thanki ya galimoto basi.

Tsopano ku beseni. Ndagwira ntchito yochapa zovala za antchito kwa zaka zambiri, za m'magaraja, za omanga, za m'makhitchini, ndipo ndikawerenga kalata yanu ndikuona kuti mphamvu simukuchepekera, sopo simukumana. Pamene pakuonongekera zinthu ndi Lachisanu usiku paja, pamene mumatenga zonse n'kuponya m'madzi amodzi. Girisi, katondo ndi simenti ndi litsiro la mitundu itatu, ndipo chimene chimachotsa limodzi chimakhazikitsa linzake. Mu beseni lanu usiku wonse mukuchitika izi: oilo wina akuyandama kuchoka pa ovololo, n'kuyala kansalu kopyapyala ka mafuta pa zovala za mwana. Fumbi la katondo, lomwe ndi losalala kuposa ufa, likumatirira pa mafutawo. Pofika m'mawa chovala chilichonse chalandira litsiro la chinzake. Kuthimbirira mukukuonako n'kumeneko. Choncho chinthu choyamba, mabeseni akhale awiri, kapena muchape masiku osiyana. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, ntchito yaikulu pa zovala zimenezi imagwiridwa zisanalawe madzi.

Tengani ovololo ya bamboyo ili youma. Khutulani m'matumba, chifukwa makanika salephera kusiyamo nati, kawaya kapena sanza yopukutira m'manja. Iyaleni pathebulo kapena pakhonde, mulowetse katoni mkati kuti banga la kutsogolo lisadindike kumbuyo. Girisi amene waunjikana pamwamba, uja mungathe kumutapa, mupaleni ndi msana wa supuni kapena mpeni wobuntha, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati, ndipo muzipukutira pa pepala. Aliyense amene mwapalayu ndi girisi amene sakafika m'madzi. Pamene pali oilo wamadzimadzi, wonyowetsabe chala mukakhudza, wazanipo ufa woyera, ufa wa chinangwa, choko chopera kapena phulusa losefa, mukanikize ndi chikhato. Pakatha ola mudzapeza ufawo wasanduka timibulu totuwa, wamwa mafuta. Sasani, ndipo ngati mpofunika bwerezani. Ufa umathandiza pa oilo watsopano yekha. Banga la sabata yatha sulitha.

Kenako sopo, koma nsalu ikadali youma. Sopo amene amagwira bwino ntchito imeneyi ndi wamadzi wotsukira mbale uja, monga Sunlight wa m'botolo, chifukwa anapangidwira kulimbana ndi mafuta. Dontheza pa banga lenilenilo, mutikite ndi mswachi wakale mpaka sopo alowe mu ulusi, mutembenuze ndi kuchita chimodzimodzi kuseri. Musaiwale malo amene amadya litsiro kwambiri: m'maondo, kumatako, m'zigongono, pamimba pomwe amatsamira galimoto, kukamwa kwa matumba, pakolala ndi kumapeto kwa manja. Mukatero ipindeni muisiye, mphindi 30 ngati muli pachangu, usiku wonse ngati nthawi ilipo.

Chifukwa chake ndikukakamira kuti nsalu ikhale youma n'chakuti madzi ndi mafuta sagwirizana. Kachidutswa kalikonse ka sopo kali ngati mbululu, mutu ndi mchira. Mchira umakonda mafuta, mutu umakonda madzi. Michira imalowa m'girisi n'kumuzungulira, mitu n'kutsala kunja, ndiye madzi akabwera amakoka mituyo n'kunyamula girisi yense ali timadontho ting'onoting'ono. Mukayamba ndi kunyowetsa nsalu, madzi amadzaza mu ulusi n'kusungunula sopo uja asanafike pamene pali mafuta, ndiye pa bangapo pamafika sopo wochepa, wofooka. Mukapaka pouma, sopo yense amakumana ndi girisi maso ndi maso.

Ngati wotsukira mbale palibe, pangani phala lolimba la sopo waufa ndi timadzi tofunda pang'ono, kapena gwiritsani ntchito wophalaphala uja monga Boom, kapenanso tabuleti ya sopo yonyowetsa nsonga yokha. Zimagwira, kungoti zimafuna nthawi yochulukirapo.

Pali girisi wina wakalekale, wouma ngati phula la pamsewu, amene sopo amangoterereka pamwamba pake. Ameneyu mufewetseni kaye ndi mafuta anzake. Dontheza mafuta ophikira pang'ono, mutikite, mudikire mphindi 15, mudzaona wayamba kusungunuka n'kuda pa mswachi. Pukutani ndi sanza, ndiye mupake sopo uja. Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuthira mafuta pa banga la mafuta, koma mafuta ophikira amatuluka mosavuta ndi sopo, ndipo potuluka amatengana ndi girisi uja. Parafini nayenso amachita zomwezo, mwachangu kuposa apa. Sindimuletsa kotheratu chifukwa sagwira moto msanga ngati petulo, koma akhale wa pa supuni yaing'ono, pa banga lokha, panja, kutali ndi moto, ndipo asakhale wonyikamo chovala chonse.

Apa ndiye madzi abwere, ndipo akhale otentha. Girisi ali ngati mafuta a nyama otsalira mu poto: m'madzi ozizira amagwirana, m'madzi otentha amasungunuka. Simukusowa choyezera. Muyeso umodzi wa madzi owira ndi muyeso umodzi wa madzi a pampopi zimakupatsani kutentha kwa pafupifupi madigiri 60, kumene kuli koyenera ovololo. Mu ndowa ya malita 20 thirani sopo waufa monga mwa nthawi zonse, muonjezere masupuni aakulu atatu kapena anayi a soda wochapira, amene pa paketi amalemba kuti washing soda kapena soda ash. Ameneyu ndi wamphamvu kuposa soda wophikira therere. Amadula mafuta, komanso amafewetsa madzi. Akasowa, chidulo chimalowa m'malo. Inde, chidulo chomwe chija agogo athu ankasefa ku phulusa pophika ndiwo. Ndi m'gulu lomwelo la soda, ndipo anthu akhala akuchapira madzi a phulusa kuyambira kalekale sopo wa m'sitolo asanabwere. Sefani bwino kuti makala asalowemo, muthire makapu awiri kapena atatu. Koma caustic soda, uja amapangira sopo, musamuyandikize. Amawotcha khungu, amachititsa khungu m'maso akadonthera, ndipo amadya nsalu.

Vundulani ndi ndodo kapena mthiko wakale umene simudzaphikiranso, musiye ola limodzi kapena awiri. Osati usiku wonse ayi. Madzi akazizira, mafuta amene anachoka aja amabwerera pa nsalu. Mukayang'ana pamwamba pa ndowa mudzaona kansalu ka oilo kakuyandama, nthawi zina kakuwala mitundu ya utawaleza. Tungani kameneko ndi kachitini mutaye kaye musanavuule ovololo, apo ayi idzavala mafutawo potuluka. Ndiye muichapenso kachiwiri m'madzi ena oyera ofunda ndi sopo watsopano. Iyaleni pa thabwa kapena pa simenti yosalala, muikhule ndi burashi motsata ulusi. Kufikisa ndi manja nsalu yokhuthala ngati imeneyi kumangotupitsa zala, ndipo kumenyetsa pamwala kumaphwanya zipi ndi mabatani. Potsukuluza, madzi oyamba akhale ofunda, otsatirawo ozizira, mpaka thovu lithe.

Katswiri wina wa ku Germany, Herbert Sinner, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Henkel, anafotokoza mu 1959 kuti kuyera kwa chinthu chilichonse chochapidwa kumadalira zinthu zinayi: mankhwala, kutentha, nthawi ndi kukhula. Chimodzi chikachepa, zinazo ziyenera kuchuluka kuti zikwanire. Ife ochapa timaphunzira zimenezi poyambirira penipeni. Inu mwakhala mukuchapa ndi madzi ozizira, sopo wosungunuka kale, ndiye ngongole yonse yakhala ikulipidwa ndi manja anu. Mukapatsa kutentha ndi nthawi gawo lawo, la manja lichepa kwambiri.

Ndikuuzeni zoona pa chinthu chimodzi, kuti musadzaone ngati mwalephera. Oilo wotuluka mu injini, makamaka ya dizilo, ndi wakuda bii chifukwa muli mwaye. Mafuta amachoka, koma mwaye susungunuka m'madzi, mu sopo, ngakhale mu Jik. Tina mwa timwayeto timakakamira pakati pa ulusi mpaka kalekale, ndiye pamatsala chithunzithunzi chotuwa. Ovololo ya makanika ikagwira ntchito mwezi umodzi sidzaonekanso ngati ya m'sitolo. Musaiyese ndi maso okha. Ikauma ikhudzeni: ngati sikuchita noninoni, sikununkha oilo, ndipo mukakanikizapo pepala loyera silikuda, yayera.

Ndipo kuchotsa mafutawo n'kofunika kuposa maonekedwe. Nsalu yokhuta oilo imagwira moto msanga, makamaka kwa munthu wogwira pafupi ndi zowotcherera za gasi, poti mafuta akakumana ndi oxygen wa m'silinda amatha kuyaka okha. Komanso oilo wogwira kale ntchito akamakhala pakhungu tsiku ndi tsiku amabweretsa zidzolo ndi tizilonda, ndipo pakapita zaka angathe kuyambitsa khansa ya pakhungu. Izi zinadziwika kale. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anyamata osesa mwaye m'machumuni ankadwala khansa kumalo obisika, ndipo patapita zaka matenda omwewo anapezeka mwa amuna a m'mafakitale opota thonje ku Lancashire, amene mathalauza awo ankanyowa ndi oilo wa makina. N'chifukwa chake ndikupemphani muwauze bambowo mwaulemu kuti sanza ya oilo asamaiike m'thumba la thalauza, ndipo zovala zamkati azisintha tsiku lililonse.

Yang'ananinso kachikwangwani ka pakolala. Maovololo ambiri a masiku ano ndi osakaniza, magawo 65 polyester ndi 35 thonje. Polyester amakonda mafuta mwachibadwa, ndiye banga likakhalitsa limavuta, ndipo salola madzi opitirira madigiri 60; amakwinyika makwinya osatheka ndi simbi. Ya thonje lokhalokha mungathe kuiphika mu chitini pamoto ndi sopo ndi soda kwa mphindi 20 ikafika poipa, ngakhale imafupika pang'ono. Mizere yonyezimira ija musaikhule ndi burashi, musaithire Jik, imasuluka n'kusiya kuwala usiku.

Za tizibowo. Ndikukhulupirira kuti mwakhala mukudziimba mlandu kuti mukufikisa kwambiri. Tiyang'aneni bwino. Ngati tili kutsogolo, pantchafu, pamimba ndi kumapeto kwa manja, tating'onoting'ono ngati todya njenjete, ndipo nsalu yozungulira ikufumbutuka mukaikoka, ameneyo ndi asidi wa batire. Munthu akanyamula batire amaligunditsa pamimba, timadontho n'kugwera pa nsalu. Tsiku limenelo sipaoneka kanthu. Koma asidi ameneyu sauluka. Madzi ake akamauma iye amanka nakulira mphamvu, n'kumadya thonje mwakachetechete, ndipo chibowo chimadzatseguka pochapa. Inu mumangoulula chimene chinachitika kale ku garaja. Mankhwala ake ali komweko: pakhale kabotolo ka madzi osungunuliramo soda wophikira, ndipo asidi akangodonthera athirepo nthawi yomweyo. Padzachita thovu, ndiye atsukuluze ndi madzi ambiri. Tizibowo ta moto wowotcherera timasiyana, timakhala ndi mkombero wakuda wolimba. Jik wothira mwachindunji pa nsalu osasungunula nayenso amafooketsa ulusi, ndiye ngati mwakhala mukutero sabata ndi sabata, wathandizira.

Chenjezo lina laling'ono pa ovololo yomweyi: tsiku limene bambo agwira mabuleki kapena klatchi, musaikutumule ili youma. Zipangizo zina, makamaka zakale, zimakhala ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka. Iwazeni madzi pang'ono, fumbi ligone, muipukute ndi sanza yonyowa panja.

Tibwere kwa mwana wanu. Matope amafuna kuleza mtima kwa mtundu wina: asiyeni aume. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuthamangira kumpopi munthu akangofika ali psuu, koma matope aawisi mukawafikisa mumawakankhira mkati mwa ulusi. Yanikani thalauzalo momwemo mpaka matope achite gwa, ndiye mulimenye ndi kandodo panja, mulipotokole, mulikhule ndi burashi youma. Gawo lalikulu ligwa lokha ngati zigamphu za khoma. Chotsalacho mutsukuluze ndi madzi ozizira opanda sopo, kuthira kuchokera kuseri kwa nsalu kuti dothi lituluke njira imene linalowera. Musinthe madzi kawiri kapena katatu mpaka asiye kufiira kwambiri. Mukathira sopo m'madzi oyamba aja mwangomutaya, amathera pa dothi. Pambuyo pake pakani sopo m'maondo ndi m'munsi mwa miyendo, munyike m'madzi ofunda maola awiri, muchape.

Chikatsala chikasu kapena kufiirira kuja, dziwani kuti simukulimbananso ndi dothi koma ndi chitsulo. Katondo wa ku Lilongwe kuno ndi wofiira chifukwa muli dzimbiri, lomwe lija limadya malata. Apa ndi pamene Jik amapusitsa anthu ambiri. Jik amayeretsa mabanga a tiyi, a zipatso ndi a chuku pa nsalu yoyera ya thonje, koma dzimbiri salichotsa; amalikhwimitsa. Ndinaziona ndi maso anga nditangoyamba ntchito. Kunabwera makhoti oyera a akapitawo a pamalo ena omanga, m'munsi monse muli katondo. Ndinawanyika mu Jik wamphamvu ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti m'mawa ndiwapeza ali mbee. Ndinawavuula pamene panali pofiirira pasanduka chikasu chakuda ngati cha dzira, ndipo sichinachokenso ngakhale tinabwereza kangapo. Mayi wachikulire amene ankatiyang'anira sanandikalipire. Anatenga khoti lina limene ndinali ndisanalikhudze, anafinyira ndimu pa banga, anawaza mchere, analiyala padzuwa. Titabwerako ku nkhomaliro banga linali litazilala, atabwereza kachiwiri linatheratu. Kuyambira tsiku limenelo sindinathirenso Jik pa chilichonse chofiira ndi dothi kapena chitsulo.

Chimene chimasungunula dzimbiri ndi zowawasa. Pa banga laling'ono, ndimu ndi mchere ndi dzuwa, osalola kuti paume kotheratu. Muzidontheza ndimu wina. Pa thalauza lonse, kapu imodzi ya viniga woyera m'malita asanu a madzi, kunyika ola limodzi. Pa nsalu yamtundu yesani kaye mkati mwa msoko, poti ndimu ndi dzuwa zimatha kusulutsa utoto. Ndipo muzichita izi mutatsukuluza sopo yense, chifukwa sopo ndi soda zimapha mphamvu ya viniga, viniga naye amapha yawo. Kuziphatikiza mu ndowa imodzi kumangotulutsa thovu losangalatsa maso, ntchito palibe.

Koma chimene musachite ngakhale tsiku limodzi ndi kukumanitsa Jik ndi viniga, ndimu, kapena mankhwala otsukira chimbudzi monga Harpic. Zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawotcha m'maso, kukhosi ndi m'mapapo, ndipo mu bafa yotseka ungathe kugwetsa munthu. Chimodzimodzi Jik ndi chilichonse chokhala ndi amoniya. Popeza mwazolowera Jik ndipo tsopano ndakupatsani viniga, ndikufuna zimenezi zikhale m'mutu mwanu: tsiku la viniga, botolo la Jik likhale m'kabati. Kunena zoona, pa zovala za anthu awiriwa Jik alibepo ntchito. Musungireni matawulo ndi nsalu zoyera za pabedi.

Simenti ndiye amasemphana ndi matope. Ameneyu sadikira. Akauma sikuti wangotaya madzi ayi, wasanduka mwala, ndipo madzi samubwezanso. Mwana wanu azitsukuluza yekha thalauza ndi malaya ku ntchito komweko akaweruka, m'madzi ambiri opanda sopo. Ndi bwinonso pa thupi lake, chifukwa simenti wamuwisi amawotcha khungu pang'onopang'ono munthu osamva msanga, makamaka akalowa m'jombo kapena akanyowetsa m'maondo munthu atagwada tsiku lonse. Amene wauma kale mumuphwanye popinda nsalu uku ndi uku, mukhule ndi burashi, chotsalacho viniga uja amachifewetsa. Madzi a simenti musawathire mu sinki, amatseka mapaipi. Penti wa madzi, uja amati PVA, amachoka ndi sopo akadali wamuwisi. Wa mafuta amafuna thinner kapena turpentine pa kasanza, panja, ndipo akauma masiku angapo ingomuvomerezani.

Magazi sasowa pa zovala za amisiri. Amenewa madzi ozizira kaye, nthawi zonse, chifukwa otentha amawaphika ngati dzira n'kuwamatiza pa ulusi. Choncho musanaponye ovololo m'madzi a madigiri 60 aja, ifufuzeni ngati pali pamene bambo anapukutira chala chotemeka. Sopo waufa wambiri wa masiku ano ali ndi ma enzyme amene amagaya magazi, thukuta ndi zakudya, koma amagwira bwino m'madzi ofunda chabe, muyeso umodzi wowira pa itatu yozizira. Madzi otentha kwambiri amawapha.

Madzi enieniwo nawo ali ndi mbali yawo. Ngati mumatunga pa mjigo kapena pachitsime ndipo sopo sachita thovu, m'malo mwake pamayandama zoyera ngati chambiko, madziwo ali ndi laimu wambiri. Sopo wa tabuleti amagwirana ndi laimuyo n'kupanga utomoni umene umatsalira pa nsalu ndi kugwira litsiro. M'madzi otero sopo waufa amaposa wa tabuleti, ndipo soda wochapira uja muzimuthira poyamba, sopo pambuyo. Mijigo ina madzi ake ali ndi chitsulo, aja amasiya ndowa yofiira pansi akagona; amenewo akakumana ndi Jik amasandutsa zoyera kukhala zachikasu. Nthawi ya dzinja tchererani a mvula, palibe madzi ochapira oposa amenewo.

Manja anuwo ndawamvera chisoni. Madzi otentha, soda ndi oilo wakuda zimachotsa mafuta a pakhungu, ndiye limauma n'kung'ambika. Gulani magolovesi a labala aatali, ndipo mukamaliza sambani, mudzole Vaseline. Beseni la maovololo likhale lakelake, lisamachapirenso matewera kapena kutsukira mbale. Madzi akudawo musathire m'dimba la masamba, pafupi ndi chitsime, kapena mu ngalande yopita ku mtsinje. Kumbani kadzenje pakona ya mpanda kutali ndi madzi akumwa. Ngati tsiku lina mudzakhala ndi makina ochapira, zonse za pouma zija zichitike chimodzimodzi, ndipo chovala chonunkha petulo, parafini kapena thinner chisalowe m'makina, makamaka oumitsira, mpaka chitachapidwa pamanja ndi kuuma panja fungo litatha.

Poyanika, tembenuzani kunja kukhale mkati kuti dzuwa lisafwifwitse mtundu, ndipo muyanike pa chingwe, osati pa udzu kapena pansi. Nsalu yokhuthala yonunkhirako thukuta ndi imene ntchentche ya mphutsi imakonda kuikira mazira, ndiye kusita n'kofunika, makamaka m'misoko, m'chiuno ndi m'khwapa. Koma simbi ili ndi vuto lake: banga lililonse la mafuta limene yalipeza imaliphikira mu ulusi. Ndiye dikirani chovala chiume kaye, poti chikadali chonyowa mabanga amabisala. Chiyang'aneni padzuwa. Pamene pakuonekabe noninoni pakaninso sopo wa mbale, muchape pokhapo, ndiye simbi ibwere pambuyo.

Pomaliza ndikupemphani mukambirane ndi bambo nkhani ya ovololo yachiwiri, ngakhale ya pa kaunjika, kuti azisinthanitsa pakati pa sabata. Girisi wa masiku atatu amachoka pa kuchapa kumodzi. Wa masiku asanu ndi limodzi, wopondedwa ndi fumbi ndi kuumitsidwa ndi dzuwa, amafuna kawiri kapena katatu. Ndipo kupala ndi kupaka sopo kuja angathe kuchita okha akangovula madzulo, botolo ndi mswachi zikhale pakhonde pomwe amavulira nsapato. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ovololo ikagona ndi sopo wake Lachisanu usiku, inu Loweruka mungotereka madzi, ndipo pamene yanyikidwa ola lija mukhale mukumenya matope a mwana kuseri kwa nyumba.